Wosewera akati thupi lakana, mumvereni



Lero ndifuna tikambirane za luso limene ife oonerera sitiliona, ndilo lakuti munthu azimva thupi lake. Tatsinzinani, kenaka mukhudze mphuno ndi chala. Simuphonya ayi. Izi zili chonchi chifukwa m'minofu ndi m'malo olumikizana mafupa muli timitsempha timene timauza ubongo nthawi zonse pamene pali mkono kapena mwendo, ndipo m'kati mwa khutu muli timadzi timene timadziwitsa munthu ngati mutu wapendekeka kapena ukuzungulira. Katswiri wa ku England, Charles Sherrington, anatcha kamvedwe kameneka proprioception m'chaka cha 1906. Ndi chifukwa chake wosewera waluso amaimitsa mpira ndi phazi maso ali kwa mnzake.

Nanga kamvedwe kameneka kakasokonezeka zimakhala bwanji? Pa 27 Julaye 2021, pa mpikisano wa Olympics ku Tokyo, Simone Biles wa ku America, katswiri wa masewero odumpha ndi kutembenuka m'malere otchedwa gymnastics, anafuna kuzungulira kawiri ndi theka, koma anazungulira kamodzi ndi theka basi. Ali m'malere sanadziwenso kumene kunali pansi. Iye anachoka mumpikisanowo, ndipo ena anamunena kuti ndi wamantha. Pa 3 Ogasiti anabwerera, atachotsa kuzungulira kuja m'kaseweredwe kake, napata mendulo yachitatu. Ku Paris mu 2024 anatenga mamendulo atatu a golide ndi imodzi ya siliva.

Tsono yerekezani ndi Elena Mukhina wa ku Soviet Union, amene anali ngwazi ya dziko lonse mu 1978. Atathyoka mwendo anamubwezera ku masewero asanachire bwino. Mu Julaye 1980, masiku ochepa mpikisano wa Olympics wa ku Moscow usanayambe, anagwera chibwano pokonzekera, khosi nkuthyoka. Anali ndi zaka 20, ndipo sanayendenso mpaka anamwalira mu 2006.

Abale anga, akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mphunzitsi amaona kunja kokha, pamene za m'kati amazimva ndi mwini thupi. Choncho ndikukupemphani aphunzitsi kuti kamvedwe kameneka muzikaphunzitsa monga muphunzitsira liwiro. Mnyamata amene wabinya kakolo ayambe wazolowera kuima ndi mwendo umodzi, kenaka aime chotsinzina, musanamubwezere m'bwalo. Ndipo mwana akakuuzani kuti lero mwendo sukumvera, musamutche waulesi pamaso pa anzake. Mukatero mawa adzabisa, ndipo mudzadziwa atagwa kale.