Nyumba Yakale ya Sukulu Yathu: Mawu Oyankhulidwa pa Msonkhano wa Pachaka

Ndikufuna ndinenepo za nyumba yakale ija, imene ena akuti igwetsedwe kuti njerwa zake zimangire zimbudzi. Ndisanapereke maganizo anga, ndiloleni ndikumbutse kumene nyumba zotere zidachokera.

Tiyi adayamba kulimidwa kuno ku Thyolo cha m'ma 1908, atakhazikika kale ku Mulanje. Maesiteti adachuluka, monga Satemwa imene idatsegulidwa ndi Maclean Kay mu 1923. Ambiri mwa agogo athu, makamaka Alomwe ochokera ku Mozambique, adakhala pa malo a azungu ndipo ankalipira malowo ndi ntchito ya thangata. Mwana wa munthu wa thangata ankayembekezeka kudzathyola tiyi basi, ndipo si mwini malo aliyense amene ankalola sukulu. Ku Magomero, William Jervis Livingstone adatentha matchalitchi a anthu a John Chilembwe, ndipo ichi n'chimodzi mwa zimene zidautsa nkhondo ya 1915.

Motero sukulu za m'midzi zinkabwera ndi mamishoni. Kuno kwathu wotchuka ndi wa Malamulo ku Makwasa, umene Aseventh Day adautenga mu 1902. Boma la atsamunda lidachedwa: nthambi yoona za maphunziro idakhazikitsidwa mu 1926, sukulu ya Jeanes ku Domasi idatsatira, ndipo sekondale yoyamba, ya Blantyre, idatsegulidwa mu 1940. Thangata weniweniyo adatha mu 1962.

Tsono taonani nyumba yathuyo, chifukwa mbiri yonseyi idalembedwa pa makoma ake. Ili ndi zipinda ziwiri zokha, pakuti omwe adailola sankaganiza kuti mwana wa pa esiteti angapitirire makalasi oyambirira. Chipinda chachikulu n'chachitali ngati tchalitchi, ndipo chinalidi tchalitchi: bolodi lili kumene kunkaima mlaliki. Mazenera ndi aatali, opanda magalasi, ndipo adawaika m'mwamba kuti kuwala kulowe koma mwana asamasuzumire kunja.

Koma mukaona mamangidwe ake, mudzapeza kuti makolo athu sadachite mwaulesi. Njerwa adaumba okha kudambo, n'kuziwotcha ndi nkhuni za bulugamu. Pomanga adagwiritsa dothi m'malo mwa simenti, ndipo makoma ndi ochindikala, n'chifukwa chake m'katimo mumazizira mu Okutobala, pamene mu Juni, chiperoni chikagwa, mumafunda. Maziko ndi a miyala, okwezeka, kuti madzi otsika m'phiri asalowe. Denga n'lotsetsereka kwambiri chifukwa cha mvula ya kuno, ndipo khonde lalikulu limateteza makoma a dothiwo kuti asanyowe. Amisiri ake anali anthu oweruka ku thangata atatopa, amene adafuna kuti ana awo adziwe kuwerenga chikalata cha msonkho ndi kulemba dzina lawo m'malo modinda chala.

Ife a msinkhu wanga ndife omaliza kuphunziramo. Tinkakhala pansi, sileti pamwendo, belu lathu lili chitsulo cha gudumu la thirakitala chopachikidwa pa mtengo wa mango. Mu 1994, maphunziro a pulayimale atakhala aulere, ana m'dziko muno adachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Zipinda ziwirizo zidachepa, makalasi atsopano adamangidwa kumtunda, ndipo nyumba yakale idasanduka mosungira nkhuni ndi mipando yothyoka. Namondwe wa Freddy mu 2023 adasasula malata a mbali ya kum'mawa. Khoma la dothi likakhala pamtetete silipirira madzinja ambiri.

Ine ndagwira ntchito m'boma zaka zokwanira kudziwa kuti ndalama zokonzera nyumba yosaphunziriramo sizibwera msanga, chifukwa makalasi akusowa paliponse. Ntchitoyi ndi yathu. Ndikupempha zinthu zitatu. Choyamba, tifolere mbali yosasukayo mvula isanayambe, ndi kusintha mitanda imene chiswe chadya. Chachiwiri, chipinda chachikulu chikhale nyumba yowerengeramo mabuku, pakuti ana ambiri alibe malo abata owerengera kunyumba. Chachitatu, tipite kwa achikulire amene adaphunziramo kale, tilembe zimene akukumbukira akadali moyo. Njerwa za zimbudzi tingathe kuumba zina, monga adachitira agogo athu.

Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga, ndipo lero denga lake ndi lenileni. Msungichuma ali ndi kope pakhomo. Amene alibe ndalama alembetse tsiku limene adzabwere ndi nyundo.