Mau a mnzathu pa msonkhano wa ophunzira akale ku Manjawira



Lero ndiulule mlandu wakale. Cha m'ma 1980, tili Fomu 3, ine ndi anzanga awiri tidazemba pasukulu Loweruka lina, n'kukwera matola kupita ku Balaka kukaonera Alleluya Band, gulu lija lidayamba mu 1978. Ndalama yolowera pakhomo idali ya sopo. Paul Banda atangokhudza gitala, fumbi lidangoti koboo! Mng'ono wake Lucius adali kamnyamata chabe. Lolemba lake tidakumba chitsa mpaka matuza m'manja, koma sindidandaula mpaka lero.

Nyimbo zija ndidazigula pakaseti, tsopano zilinso pafoni, koma kukoma kwa usiku uja sikudalowemo. Lucius adatisiya mu 2024. Ana athu ambiri sadaonepo ndi maso munthu akuimba gitala.

Tsono pempho langa nali. Mutu umodzi susenza denga: tiyeni tisonkhe, tigulire sukulu yathu magitala ndi ng'oma, ana aziimba poyera, osachita kuzemba ngati ife. Gitala yoyamba ndigula ine.