Ndudu imodzi-imodzi ikutitengera ana

Awa ndi mawu omwe mnzathu analankhula pa msonkhano wa amayi ku Karonga boma. Ambiri munapempha kuti tiwaike pano, ndiye nawa.

Mafumu athu, amayi anga, achemwali anga, ndi inu abambo amene mwalimba mtima kukhala pakati pathu, zikomo pobwera. Ndilankhula Chichewa kuti tonse timvane, wa ku Kaporo, wa ku Chilumba ndi amene anabwera kuno ndi ntchito.

Ndiyambe ndi funso, koma musakweze manja, ingoyankhani mumtima. Ndi angati pano amene munamvapo bambo akuitana mwana kuti, "Iwe, thamanga pa benchi ukandigulire ndudu imodzi, pobwera udzere ku khitchini undiyatsire"?

Kwathu zinachitika. Mwana wa achemwali anga ali Sitandade 7. Bambo ake aang'ono ankamutuma chonchi tsiku ndi tsiku. Inu mukudziwa kuti ndudu siyaka bwino pa khala ngati suikoka. Ndiye mwana uja amakoka kamodzi, kawiri, kuti isazime panjira. Tsiku lina mayi ake pochapa yunifolomu anapeza ndudu yosutako theka m'thumba la kabudula. Anamukwapula zedi. Ine ndinangofunsa kuti, achemwali, tikumumenya chifukwa chani? Anamuphunzitsa ndani? Nanga amene anamugulitsa ndudu ija sanaone kuti ndi mwana?

Apa mpamene pagona nkhani yanga lero. Mwana sagula paketi, alibe ndalama yake. Mwana amagula imodzi, ndi chenji cha sopo kapena ndalama ya mandasi yomwe mwamupatsa popita ku sukulu. Ndipo ndudu ija ili m'botolo loyandikana ndi la masiwiti, pa benchi lomwelo, pa msinkhu wa maso ake. Mu fodya muli nikotini, chinthu chomwe chimagwira ubongo n'kuuzoloweretsa kufuna wina. Ubongo wa mwana umakhala ukukulabe mpaka zaka za m'ma 20, n'chifukwa chake umagwidwa msanga, ndipo osuta ambiri anayamba asanakwane zaka 18. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse, ndipo oposa 1 miliyoni mwa iwo sanasutepo, ankangopuma utsi wa anzawo.

Mwina wina akuti, nanga nkhani ya fodya ikulowa bwanji pa msonkhano wa ufulu wa amayi? Ikulowa kudzera pa khomo la chipinda chogona. Amene amapuma utsi m'nyumba ya chipinda chimodzi ndani? Ndi mayi ndi mwana wa kumsana. Mayi woyembekezera akamapuma utsi, mwana amatha kubadwa wochepa sikelo. Bambo akayamba kutsokomola kosatha, amene amasiya munda wa mpunga ku Hara kapena ku Wovwe n'kukagona pansi pa bedi ku chipatala ndani? Ndi ife. Ndalama ya ndiwo ikapsa ndi moto wa machesi, amene amayang'anizana ndi ana anjala ndani? Ndi ife tomwe.

Ndipo tisamangoloza abambo. Nafe tili ndi wathu. Ngirimbo amene timabisa m'kamwa ndi fodya, wa m'mphuno nayenso ndi fodya. Kusatuluka utsi sikutanthauza kuti ndi wabwino. Nikotini ndi yemweyo, ndipo fodya wa m'kamwa amayambitsa khansa ya m'kamwa. Atsikana athu akutiona pamene tikupatsirana kuseri kwa nyumba.

Tsono boma lili pati? Dziko lathu limadziwa kusamala fodya akakhala masamba. Kuli bungwe la Tobacco Commission lolembetsa alimi ndi kuyang'anira misika ya ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu. Belo lililonse limadziwika mwini wake ndi kulemera kwake. Koma ndudu ikafika m'manja mwa mwana wa zaka 12, palibe amene akufunsa. Kwa zaka zambiri Malawi anakhala kunja kwa pangano la WHO loteteza anthu ku fodya, lomwe maiko anagwirizana mu 2003 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2005. Chifukwa chake tikuchidziwa: fodya amabweretsa ndalama zakunja zochuluka kuposa mbewu ina iliyonse. Koma mu Ogasiti 2023 dziko lathu linalowa nawo, ndipo panganolo linayamba kutimanga mu Novembala chaka chomwecho.

Mumve zomwe boma linavomera. Gawo 16 la panganoli likuti fodya asagulitsidwe kwa ana, ana asagulitsenso fodya, ndipo maiko ayesetse kuletsa kugulitsa ndudu imodzi-imodzi. Gawo 8 likuti anthu atetezedwe ku utsi m'malo a ntchito, m'galimoto zonyamula anthu ndi m'malo osonkhana. Gawo 13 likukamba zoletsa kutsatsa malonda a fodya. Ndipo gawo 17 likuti alimi, antchito ndi ogulitsa athandizidwe kupeza njira zina zopezera ndalama. Ndatchula dala gawo limeneli chifukwa ena amati tikufuna kupha mlimi. Ayi. Fodya wambiri wa ku Malawi amapita kunja. Kuletsa mwana wa ku Uliwa kugula ndudu sikutsitsa mtengo wa belo la mlimi wa ku Rumphi.

Koma pangano la ku Geneva silingamugwire dzanja wogulitsa pa depoti ya Karonga. Limafunika Nyumba ya Malamulo ilisandutse lamulo la dziko lino, lokhala ndi chilango ndi anthu olitsatira. Zotheka zimenezi. Mu 2015 boma linaletsa mowa wa m'masacheti anthu atadandaula kuti ana a sukulu akutha. Vuto linali lomweli: kanthu koopsa kogulitsidwa pang'onopang'ono pa mtengo woti mwana akwanitsa. Mu 2017 aphungu anasintha Malamulo Aakulu a dziko kuti mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, ndipo amayi tinali patsogolo pa nkhondo imeneyo. Ngati mwana sangakwatiwe, agulitsidwa bwanji ndudu?

Ndikudziwa kuti ena mwa inu muli ndi mabenchi ndi maokala, ndipo ndudu zimayenda malonda kuposa machesi. Sindinabwere kudzakuchititsani manyazi. Ndi benchi lomwelo limene mukulipirira ana fizi. Ndikungopempha chimodzi: mwana akabwera ndi ndalama m'manja n'kunena kuti andituma, mubwezeni. Muuzeni kuti wokutumayo abwere yekha. Mutaya kasitomala mmodzi mwina, koma wa benchi la ku Ngara akachita chimodzimodzi, ndiye kuti wateteza mwana wanu amene wapita kunyanja kukathandiza kukoka makoka.

Ndiye tichoke pano ndi zinthu zinayi. Choyamba, m'nyumba mwathu mwana asatumidwenso kukagula kapena kuyatsa fodya, ndipo wosuta azisutira panja. Chachiwiri, tikaike nkhaniyi m'magulu athu a banki mkhonde, mu mvano ndi m'makomiti a sukulu, kuti ogulitsa a m'mudzi umodzi agwirizane pamodzi. Chachitatu, mafumu athu, inu munatithandiza kuthetsa maukwati a ana ndi malamulo a m'dera. Tithandizeninso apa, ndipo makhansala apititse nkhaniyi ku khonsolo, chifukwa khonsolo ili ndi mphamvu yopanga malamulo a m'boma lino, kuphatikizapo a m'misika. Chachinayi, phungu aliyense wa Karonga akabwera kudzachititsa msonkhano, mmodzi wa ife aimirire n'kufunsa kuti lamulo loletsa kugulitsa fodya kwa ana lili pati, ndipo adzalivotera kapena ayi.

Pa 31 Meyi dziko lonse limakumbukira tsiku lokana fodya. Ndikupempha kuti pofika tsiku limenelo tidzakumanenso, gulu lililonse lidzanene kuti ndi mabenchi angati a kwawo amene asiya kugulitsa kwa ana. Mwana wa achemwali anga uja pano satumidwanso. Bambo ake aang'ono anakwiya sabata yathunthu, koma pano amadzipitira okha pa benchi.